Kwa inu nonse amene munati "tili tonse"

Dzulo usiku ndaika pa Facebook gawo 120, lomwe ndi lomaliza, la nkhani ya Nambewe. Nditaika ndinazimitsa foni, n'kukhala pakhonde kuno ku Machinjiri mpaka udzudzu unandithamangitsa. Lero ndati ndisatsegule makina osokera ndisanakuthokozeni.

Nkhaniyi ndinaiyamba mu Okutobala 2022, ndikukhala ku Chilobwe. Masana ndimasoka mu msika wa Limbe, ndiye kulemba kunali kwa usiku, ana akagona, kapena m'minibasi pobwerera. Agogo anga akamayamba nthano ankati "padangokhala," ife n'kuyankha "tili tonse." Gawo loyamba ndinaliyamba chimodzimodzi, osayembekezera kanthu. Mayi wina wa ku Bangwe anayankha kuti "tili tonse," ena n'kutsatira, mpaka chinakhala chizolowezi chathu gawo lililonse.

Amene munayamba nane mukukumbukira mmene munkamudera Nambewe. Mayi wopeza uja anamana Chisomo nsima, anabisa ndalama za fizi zimene bambo ake anatumiza kuchokera ku Joni, anamuuza mwana wamasiye kuti akafunse amake kumanda. Munandilembera kuti ndi mfiti. Achimwene ena oyendetsa kabaza ku Ndirande ankandiuza sabata ndi sabata kuti ndimuphe basi. Mtsikana wina wa fomu 3 anandiuza kuti anataya foni pabedi ndi mkwiyo, amayi ake n'kuganiza kuti walandira uthenga wa maliro. Ndiulule lero kuti nanenso ndinali kumbali yanu. Mathero ndinali nditawalemba kale mufoni: Nambewe adzadwala, adzafa yekha, pamaliro pake padzasowa ndi ophika omwe.

Gawo 62 ndinaliika Loweruka pa 11 Malichi 2023, mvula itayamba kale. Zomwe zinatsatira a Blantyre mukuzidziwa. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula usana ndi usiku, ndipo madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kudutsa pakati pa nyumba zathu. Ine ndinatuluka ndi ana anga awiri ndi chitenje chimene ndinavala. Nyumba inapita, foni inapita ndi magawo onse amene ndinalemberatu. Anansi athu ena sitinawaonenso. Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, atalengeza masiku 14 olira maliro, ife tinali tikugona pansi m'kalasi pasukulu ina, mabanja ochuluka chipinda chimodzi. Za nkhani sindinaganizeko n'komwe.

Inu ndi amene munaganiza. Mchemwali wanga anandisonyeza pafoni yake zomwe munkalemba pa Facebook. Palibe amene ankafunsa za gawo 63. Munkafunsa ngati pali amene wandiona, chifukwa ndinatchulapo kale kuti ndimakhala kumunsi kwa Soche. Amayi awiri a ku Zingwangwa, amene sindinawaonepo chibadwire, anayenda misasa itatu akufunsa "mayi wolemba za Nambewe" mpaka anandipeza, atanyamula ufa, ndowa ndi zovala za ana. Ena munasonkha pa Airtel Money ndi pa Mpamba, wina K500, wina K2,000, mpaka zinakwana lendi ya miyezi iwiri kuno ku Machinjiri. Bambo wina wokonza mafoni ku Limbe anandipatsa foni imene ndikulemberayi, n'kukana ndalama. Maina anu sinditchula chifukwa ambiri munandipempha choncho, koma onse ali m'kope langa ndipo ndimawatchula popemphera.

Pali china chimene sindinakuuzenipo. M'kalasi muja munali gogo wina wa pakamwa pakuthwa. Ankakalipira ana, ankakangana pamzere wa phala, aliyense ankamupewa. Usiku wachitatu mwana wanga wamng'ono anatentha thupi, akunjenjemera. Ndinadzidzimuka pakati pa usiku n'kuona gogo uja atamufunda bulangete lake lokhalo, iye atakhala tsonga atatsamira khoma. Kutacha ndinati ndithokoze, anandikalipira kuti ndisamusokose. Pambuyo pake ndinamva kwa ena kuti analera ana anayi a mwamuna wake, osabereka wakewake, ndipo pa anayiwo palibe anabwera kudzamuona pamsasapo.

Nditayambiranso kulemba mu Meyi, dzanja linakana kumupha Nambewe. M'malo mwake ndinalemba gawo 65, lija Nambewe akukumbukira mmene anamukwatitsira ali ndi zaka 16, mmene apongozi ankamuwerengera miyezi, mmene mtondo wake unkatchedwa wa chumba. Sindinafufute chimene anachitira Chisomo. Ndinangotsegula chitseko kuti muone kuchipinda kwake.

Apa ndiye munagawikana, ndipo mbali zonse ziwiri ndikuzithokoza ndi mtima umodzi. Ena munakwiya. Munati ndikumuyeretsa, munati Freddy wandifewetsa mtima. Mchemwali wina analemba mawu amene sanandichoke: anati iye anakula ndi mayi wopeza, anagonapo ndi njala chakudya chili mumphika, ndipo sakufuna kuuzidwa kuti womuzunzayo nayenso anali ndi zifukwa. Achemwali, munanena zoona. Ndinagona nawo mawu anu masiku atatu. Chifukwa cha inu, Chisomo sanakhululuke msanga monga ndinkafunira, anatha magawo 30 osamuyankhula Nambewe, ndipo ngakhale pomaliza sanamutche "amayi." Ndinkafuna kuti amutche. Inu munandiletsa, ndipo nkhani inakhala yoona kuposa mmene ndikanailembera ndekha.

Mbali inayo kunabwera mauthenga amseri, ambiri usiku kwambiri. Amayi opeza enieni. Wina wa ku Chirimba anati wakhala akuwerenga mobisa kuyambira gawo loyamba, osayankhapo, chifukwa aliyense akamatukwana Nambewe ankamva ngati akutukwana iyeyo. Anati atawerenga gawo 65 anadzuka n'kukafunda mwana wa mwamuna wake amene anali atakangana naye madzulo. Timanena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma sitifunsa kawirikawiri kuti mayi amene tamusenzetsa mwambiwo akumuthandiza ndani. Zimenezi ndinaziphunzira kwa inu, sindinabwere nazo.

Ndithokozenso amene munkandikonza. Bambo wina wa ku Ntcheu anandiuza kuti mwambo wa maliro umene ndinalemba m'gawo 80 sunali wa kwa Angoni, ndipo anandifotokozera bwinobwino, ndinakonza. Namwino wina anandiuza kuti wodwala shuga sachita monga ndinamulembera bambo a Chisomo. Ndipo achimwene a kabaza aja sanasiye kupempha imfa ya Nambewe mpaka gawo 110. Dzulo alemba mawu awiri okha: "Ndalira, mayi."

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zinakwera ndipo ndinadziwa kuti bandulo yasanduka chinthu choganizira kawiri. Ndinkayembekezera kuti mutha. Simunathe. Ndinamva kuti pa saluni ina ku Chilomoni mmodzi amagula bandulo n'kuwerengera anzake mokweza uku akuluka tsitsi, ndipo makasitomala amakana kunyamuka gawo lisanathe. Ena munkakopera magawo n'kutumizira abale kumudzi pa WhatsApp. Mnyamata wina amawerengera agogo ake osaona ku Mbayani, ndipo agogowo ndi amene ananditumizira uthenga woti Chisomo asasiye sukulu zivute zitani. Agogo, mwaona, walemba mayeso a fomu 4.

Kwa mchemwali wanga amene anatisunga, kwa amayi a mumpingo amene anandibwereka makina pamene ndinalibe poyambira, kwa ana anga amene anazolowera kugona nyali ya foni ikuwala: zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Gogo uja sindikudziwa kumene anapita msasa utatsekedwa. Ndafunsa ku Chilobwe kangapo. Ngati wina wa inu akumudziwa gogo wamfupi, wovala duku lobiriwira, amene analera ana anayi osakhala ake, mundiuze kumseri. Ndamusokera bulangete la zigamba ndipo lili pano.

Mwafunsa ambiri ngati kukubwera nkhani ina. Ikubwera, koma mundilole ndipume kaye mpaka mvula ithe. Mitambo ikachita bii kumbali ya Soche mtima wanga sukhazikika, ndipo sindilemba bwino. Kwa lero, nthano yathera pano. Kaphuleni mbatata.