Tsiku lathera pa kusaka bwalo la kandege

Loweruka usiku, ku Area 25.

Kandege kanga koulutsa ndi rimoti kauluka lero. Kauluka madzulo dzuwa litapendeka, pa dambo lina la kumwera kwa tauni, njira ya ku Bunda. Kuulukako kwatenga mphindi zochepa chabe. Tsiku lonse lathera pa kusaka malo, ndipo za malowo ndi zimene ndikufuna ndilembe ndisanagone, poti ndikukhulupirira kuti muno mu Lilongwe alipo anzanga ena amene tindege tawo tikungokhala m'makatoni chifukwa chosowa kokaulutsira.

Kangaka n'kophunzirira. Mapiko ake ndi mita imodzi ndi masentimita 20 kuchoka nsonga ina kufika inzake, ndipo ali pamwamba pa thupi kuti kakapendekeka kaziwongoka kokha. N'kopangidwa ndi foam, zoyera zopepuka zija amatchingira wailesi ya kanema m'katoni. Pulopela ili kuseri kwa mapiko, ndiye kakagwa chamutu mota imapulumuka. Matayala kalibe: umakaponya ndi dzanja, ndipo kamatera ndi mimba. Madzulo ndikaweruka ndakhala ndikuyeserera pa simulator, pulogalamu ya pa kompyuta yophunzirira kuulutsa, mpaka zala zinazolowera timitengo ta rimoti. Koma pa kompyuta bwalo umalipeza lili kale, lobiriwira, lopanda waya, lopanda munthu.

Mlendo akafika mu Lilongwe amaona ngati malo ali mbwee. Pomanga likulu latsopanoli, limene linasamuka ku Zomba mu 1975, okonza mapu anasiya mipata ikuluikulu pakati pa ma Area, moti mpaka lero ukamachoka ku Old Town kupita ku City Centre umadutsa m'tchire ndi m'mitengo. Koma ukayamba kuchotsapo malo osayenera, pamatsala pochepa. Dzulo usiku ine ndi alamu anga tinakhala ndi foni n'kumazungulira mzinda ndi chala. Kumpoto, cha ku Lumbadzi, kuli bwalo la ndege la Kamuzu, ndiye mbali yonse yopitirira Kanengo tinaisiya osatsutsana n'komwe. Ndege yonyamula anthu si yoti uzigawana nayo mlengalenga. Kumadzulo, msewu wa ku Mchinji, kuli bwalo lakale lija limene tsopano ndi la asilikali a Air Wing. Ku Area 44 kuli nyumba ya boma. Malo athyathyathya okopa kwambiri ali mozungulira Capital Hill ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo munthu woganiza bwino sangaimike galimoto pamenepo n'kutulutsa chinthu chouluka. Onjezanipo Kamuzu Barracks, ndende ya Maula ndi zipatala. Kunatsala kumwera.

Tinanyamuka 5 koloko, kudakali mdima, kuzizira kwa Julaye kukuluma m'makutu. Tinayamba taima pa bwalo la mpira la pafupi ndi kwathu, pongofuna kuona. Kusanache bwino panali kale anthu othamanga, amayi odutsa ndi mabeseni a mandasi kupita ku depoti, ndi bambo wina akuphunzitsa mwana wake galimoto. Mbali ina kuli mawaya a magetsi, mbali inayo nsanja ya foni. Ngakhale pakanakhala popanda munthu, bwalo la mpira ndi lochepa kwa wophunzira. Kandege kotere kamathamanga mamita 10 mpaka 15 pa sekondi, ndiye bwalo la mamita 100 kamalimaliza masekondi khumi asanakwane. Woyamba kumene amakhota mokulungiza, amachedwa kuganiza, ndipo akamati wazindikira, kali kale pamwamba pa malata a anthu. Pulopela yakeyo ikhoza kucheka nkhope ya mwana. Tinakwera n'kupitirira.

M'mphepete mwa msewu wa bypass munali malo amene pa foni amaoneka poyera bwino. Titafika tinapeza mipanda ya njerwa, mabikoni, milu ya mchenga, anyamata akukumba maziko. Chithunzicho n'chakale, mzinda unafikapo kale.

Titakhota pa Bunda turn-off tinalowa m'dera la minda, ndipo apa mpamene maso amanamizika kwambiri. Pokolola atha, mbuzi ndi ng'ombe zadya mapesi, ukamayang'ana uli pa msewu umaona chigwa choyera mpaka kutali. Tsika ulowemo. Mizere idakalipo, youma gwa, ndipo kandege kotera ndi mimba kakaidula chopingasa kamathyoka khosi. Muli ziputu za chimanga ndi za fodya. Penapake osaka mbewa atentha, ndipo pa lupsa pamatsala tiziputu ta udzu takuthwa tokhoza kung'amba foam. Ndinayenda m'munda umodzi mpaka nsapato zinada bii, n'kubwerera.

Dambo analikumbukira ndi alamu. Ali ndi azakhali awo kumudzi wina chakumeneko, ndipo ali mwana ankapitako pa holide kukaweta ng'ombe. Tinasiya phula n'kutsata kanjira ka ngolo, phiri la Bunda likuonekera kutsogolo, mpaka mitengo inatha mwadzidzidzi n'kutseguka poyera. Mtima unagunda. Ng'ombe zadya kapinga mpaka wafupika ngati wotchetcha, nthaka ndi youma koma yofewa pansi pa phazi. Ndinayesa ndi mapazi: m'litali kupitirira 300, m'lifupi pafupifupi 200. Kumunsi kuli madimba a kabichi ndi tomato otchingidwa ndi udzu, ndi zitsime zake. Pakati pali zulu ziwiri zazitali, zimene ndinaziika m'mutu. Waya wa magetsi palibe. Mitengo ya bulugamu ili kutali kum'mawa, ndipo zimenezi n'zofunika, chifukwa mphepo ikadutsa pa mitengo italiitali imatuluka yovundukavunduka kwa mtunda woposa kutalika kwa mitengoyo kangapo. Kumpoto, kuseri kwathu, kunali nkhalango yowirira ya mitengo yachilengedwe, yokhayokha pakati pa minda yoyera. Aliyense wokulira m'dziko muno amadziwa kuti nkhalango yotere ndi chiyani.

Nthawi inali itapitirira 9 koloko ndipo mwera unali utayamba. Miyezi ino mphepo imeneyi imachokera kumwera chakum'mawa, imagona m'mamawa, imadzuka dzuwa likakwera. Udzu wa m'mipanda ya madimba unali ukuweramira mbali imodzi. Kandege kosakwana kilogalamu imodzi sikangalimbane ndi zimenezo m'manja mwa wophunzira. Komanso alamu anali atanena kale kuti katoni satsegula tisanaonane ndi eni mudzi.

Ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Dambo limaoneka lopanda mwini, koma pali odyetsapo ziweto, pali a madimba, pali amfumu amene amayankha pakachitika kanthu. Ndipo tisabisane: tonse tinakula tikumva nkhani za ndege za usiku. Anthu osadziwika akafika mbandakucha pa dambo, pafupi ndi manda, n'kuulutsa chinthu cholira, mphekesera imafika kumudzi iwo asanapakire, ndipo sitingawadzudzule anthuwo chifukwa choda nkhawa.

Azakhali anatiperekeza kwa nduna, nduna n'kutitengera kwa amfumu. Tinanyamula kapaketi ka shuga. Tinawapeza pakhonde akusoka mphasa, bambo wachikulire wolankhula motsitsa. Titapatsana moni, alamu anafotokoza, kenako ndinatulutsa kandegeko n'kukaika pa mphasa. Anakanyamula ndi manja awiri, n'kudabwa kupepuka kwake.

“Kali ndi kamera?” Limenelo linali funso loyamba.

“Ayi, wawa. Kalibe. Onani pansipa, muli batire ndi mawaya basi.”

Anakatembenuza n'kusuzumira okha. Za ma drone amazidziwa. Anati anamva pa wailesi za tindege tonyamula mankhwala, ndipo ndinawauza kuti n'zoona, kuti mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera tindege totere ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu yophunzitsa achinyamata kutipanga ndi kutiulutsa, African Drone and Data Academy, inayambira muno mu Lilongwe. Kangaka, ndinatero, sikanyamula kanthu, n'kongophunzirira kuulutsa. Ndinayatsa rimoti, ndikumangirira batire, n'kusuntha kamtengo. Mchira unagwedera. Ana amene anali atadzaza kale kuseri kwa nkhokwe anafuula onse pamodzi.

Amfumu anakhala chete pang'ono, kenako anati: “Mwachita bwino kudzera pakhomo. Kaulutseni. Koma pamwamba pa msitu ujawo ayi. Mwauona?”

“Tauona, wawa.”

“Kakagwera mmenemo musakalondole. Mubwere kuno mudzanene, alipo okatenga. Inu achimwene, munagula njira?”

Ndinayankha kuti ayi, kwathu ndi ku Mulanje. Anangogwedeza mutu. Ino ndi nyengo ya gule, pokolola atha, ndipo kumanda ndi kudambwe munthu wosameta safikako. Lamulo limeneli ndinalilandira popanda kuwiringula, ndipo linandithandizanso kudziwa koyang'ana: msana ku msitu, nkhope ku dambo. Amfumu anawonjezera kuti ng'ombe zikakhalapo tidikire, ndiponso kuti tisamale moto. Apa ndinawaonetsa chidebe cha mchenga chimene ndimayenda nacho. Batire ya kandegeka ndi ya mtundu wotchedwa LiPo, ndipo batire yotere ikabooka pa ngozi imatha kuyaka. Udzu wa Julaye sufuna zambiri, ndipo mipanda ya madimba aja ndi ya udzu womwewo.

Masana tinakhala kwa azakhali. Nsima ya mgaiwa, nyemba ndi mfutso, kenako nzimbe pansi pa mtengo wa mango, tikuyang'ana nsonga za mitengo ngati zaleka kugwedera.

Cha m'ma 4 koloko mphepo inayamba kufooka, ndipo anyamata oweta anakusa ng'ombe kupita kumudzi. Tinatsikira ku dambo ndi chigulu cha ana pambuyo. Ndinalemba mzere pansi ndi chidendene n'kupempha anyamata awiri okulirapo kuti pasapezeke wodumpha mzerewo, ndipo anaigwira ntchitoyo mwamphamvu kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinamangirira kansalu pa bango kuti kazindiuza kochokera mphepo. Madzulo a miyezi ino ali ndi ubwino wina: dzuwa limalowa kumadzulo chakumpoto, mwera umachokera mbali yotsutsana nayo, ndiye ukayang'ana kumphepo, kumene ndege iyenera kunyamukira ndi kuterera, dzuwa limakhala kumsana. Kandege kakalowa m'dzuwa umakataya m'maso, ndipo masekondi awiri okha ndi okwanira kukagwetsa.

Rimoti imayamba kuyatsidwa, kamtengo ka moto kolamulira liwiro la mota kali pansi, batire pambuyo. Ndinayesa mapiko ndi mchira mbali zonse, kenako ndinayenda mapazi 30 ndi rimoti itachepetsedwa mphamvu, alamu atagwira kandege, kuti tione ngati kakumverabe. Kanamvera. Ndinawakumbutsa alamu kuti aponye mowongoka, osati mopenyetsa kumwamba, komanso mwamphamvu ndithu. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wa kuno ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye phiko limafuna liwiro lochulukirapo kuti ligwire.

Anathamanga pang'ono n'kuponya. Kanatsika kaye mpaka mtima wanga unafika kukhosi, kenako kanagwira mphepo n'kuyamba kukwera. Ndinakasiya kakwere mpaka kupitirira bulugamu kawiri, chifukwa wophunzira amapulumukira kumwamba, kumene kuli mpata wokonza cholakwika. M'maiko ambiri malire a tindege totere ndi mamita 120, ndipo ine sindinayandikireko n'komwe. Ndinakhotera kumanzere pang'onopang'ono, kutali ndi madimba. Pobwerera, kakuyang'ana kwa ine, mpamene pamavuta: kumanja kwake kumakhala kumanzere kwako. Njira imene ndinaphunzira ndi yokankhira kamtengo ku phiko limene latsika, ngati ukuchirikiza ndi mphanda nthochi yolemedwa ndi mkoko. Zala zinakumbukira. Akhwangwala awiri anachokera ku madimba n'kukazungulira akulira, kenako anakasiya. Kumbuyo kwanga ana anali ziii.

Batire imeneyi imatha kupirira mphindi khumi, koma sindinafune kuifinya. Ndinakazungulitsa kutali, ndikukalunjikitsa kumphepo pakati pa zulu ziwiri zija, n'kuchepetsa moto. Kanatsika mosafulumira, ndinakoka kamtengo pang'ono kali pafupi ndi pansi, ndipo kanakhwekhwereza mimba pa kapinga n'kuima. Phokoso limene linabuka pamenepo linafika kumudzi. Miyendo yanga inali ikunjenjemera, ndipo sindinakaulutsenso kachiwiri.

Mnyamata wina wa zaka ngati 12, amene anabwera akuyendetsa galimoto yake ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chokhota matayala enieni, anagwada n'kumasisita phiko ndi chala. Anafunsa chifukwa chake pamwamba ndi pokhota pamene pansi ndi pathyathyathya. Funso lake linandisangalatsa kuposa kuuluka komwe. Ndamulonjeza kuti ndikadzabweranso ndidzatenga zidutswa za foam ndi guluu, tidzapange kouluka kopanda mota.

Tinadzeranso kwa amfumu kukatsanzika. Tagwirizana kuti ndizibwera Loweruka, m'mamawa ng'ombe zisanatuluke m'khola kapena madzulo zitabwerera, ndipo ndizidzera kwa nduna. Lolemba ndipita ku ofesi ya Civil Aviation ndi kandegeka komanso mapu a malowo, kuti nawonso adziwe ndipo andiuze zofunika kutsata. Amfumu anandichenjeza kuti dambo limeneli ndi la chilimwe chokha. Mvula ikagwa mu Disembala pamadzaza madzi, udzu umafika m'chiuno, ndipo sipauma mpaka pokolola. Anati kumtunda kuli bwalo la sukulu lalikulu bwino, lopanda mawaya, koma limenelo si lawo lopereka, ndikaonane ndi aphunzitsi aakulu ndi a komiti. Nduna yati idzandiperekeza.