Kanema wa kolera wa mphindi 12 amene anandidyera sabata yonse

Sabata yathayi ndinali pa kanema mmodzi yekha, wophunzitsa kapewedwe ka kolera. Eni ake ndi bungwe lina la zaumoyo lomwe likufuna kuti uthenga ufike m'maboma a kumwera mvula isanagwe. Changu chawo n'chomveka, poti mliri womwe unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unatenga miyoyo yopitirira 1,700. Kanemayo anali atajambula kale, atalumikiza, nyimbo ataikamo. Kenako wina mu ofesi mwawo anakumbukira kuti opereka ndalama anafunsa za anthu aulumali, basi Lolemba m'mawa foni yanga n'kulira. Ntchito zanga zambiri zimabwera chomwechi, ngati munthu wokumbukira za khomo nyumba atafolera kale.

Ankafuna zinthu zitatu pofika Lachisanu: mawu olembedwa pansi pa kanema, womasulira m'chinenero chamanja, ndiponso mawu ofotokozera anthu osaona zomwe zikuchitika pa chithunzi.

Ndinayamba ndi mawu olembedwa, pa pulogalamu ya Subtitle Edit. Malamulo a ntchitoyi ndi ouma. Mizere isapitirire iwiri, mzere uliwonse usapitirire zilembo 42, mawu asakhalitse kupyola masekondi 7, komanso asathawe munthu asanawerenge. Makampani akuluakulu a mafilimu amawerengera kuti munthu wamkulu amawerenga zilembo 17 pa sekondi imodzi, koma ine ndimachepetsa ndithu, chifukwa amene adzaonere kanemayu ndi mayi wa ku Makanjira kapena ku Nsanje yemwe mwina sukulu analekezera sitandade 5, akuonera pa foni yamng'alu pagalasi. Tsono dokotala wa m'kanemamo amayankhula Chingerezi chothamanga, ndipo Chichewa chathu chimatalika chikalembedwa. Zomwe iye wanena m'masekondi atatu, ife tikazilemba zonse zimafuna asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndiye ntchito yeniyeni imakhala yodula: kuchotsa maulemu, kubwerezabwereza ndi mayina a maudindo, n'kusiya chokhacho chomwe chingapulumutse munthu wotsekula m'mimba.

Mawu olembera munthu wosamva amasiyana ndi omasulira wamba. Pali malo ena pomwe mayi akutsuka mbale kenako n'kudzidzimuka, kuthamangira m'nyumba. Wakumva akudziwa kuti mwana walira ndipo akusanza. Wosamva akungoona mayi akuthamanga popanda chifukwa, pokhapokha nditalemba kuti mwana akulira m'nyumba. Chimodzimodzinso munthu akamayankhula koma sakuoneka, ndiyenera kulemba kuti ndi ndani. Gawo lina anafunsa agogo a ku Mangochi omwe anayamba m'Chichewa n'kutsetserekera m'Chiyao nkhani itafika pokoma. Pamenepo ndinatumiza kachidutswako kwa mnzanga wa ku Namwera kuti andithandize. Mawu onse tinawamatiratu pa chithunzi, oyera pa kabokosi kakuda, chifukwa kanemayu adzayenda pa WhatsApp, ndipo kumeneko fayilo yapadera yosunga mawu olembedwawo (SRT) siyenda nawo.

Lachitatu ndiye linali tsiku la mkangano. Mkulu woona za mauthenga ku bungwe lija anabwera ku situdiyo ali ndi maganizo akeake: womasulira akhale m'kabokosi kakang'ono pakona, monga amaonera pa nkhani za pa wailesi ya kanema, ndipo asaphimbe zizindikiro za mabungwe opereka ndalama. Ndinatenga foni yawo yomwe, n'kuwaonetsa kukula kwa kabokosiko pa galasi la foni. Munthu yense anali wochepa kuposa chala chachikulu. Chinenero chamanja sichili m'manja mokha. Nsidze, milomo, masaya ndi kapendekedwe ka mutu ndi zimene zimasiyanitsa funso ndi lamulo, kapena "pang'ono" ndi "kwambiri". Nkhope ikapanda kuoneka, theka la chiganizo latayika.

"Koma achimwene, anthu amenewa alipo angati kuti tisinthe kanema yense?" anafunsa motero, osati mwachipongwe, koma ngati munthu amene bajeti yamuthina. Ndinawakumbutsa kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo ambiri mwa iwo vuto lawo ndi la kuona kapena kumva. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo lake mu 2012, ndipo mu 2024 linabweretsa lina latsopano. Koma kunena zoona, malamulowo si amene anawagonjetsa. Anawagonjetsa ndi mayi wosamva amene ndimamuitana nthawi zonse kuti adzaunike ntchito yathu. Anaonera gawo losungunula ORS, mankhwala a ufa obwezeretsa madzi m'thupi, n'kufunsa kudzera mwa womasulira kuti iye ayang'ane kuti: manja a womasulira, kapena manja a mayi amene akuthira paketi m'madzi?

Funso limenelo anthu akumva sitiliganizira n'komwe. Ife timamva ndi khutu kwinaku maso ali pa chithunzi. Wosamva ali ndi maso okhawo pa zonse ziwiri. Ukamuuza ndi kumuonetsa nthawi imodzi, chimodzi chimupita. Choncho tinang'amba gawo lonselo n'kulisokanso: womasulira ayambe wafotokoza kuti paketi imodzi ya ORS imalowa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, atsitse manja, kenako chithunzi chionetse kathiridwe kake. Tinachitanso chimodzimodzi pa za klorini, pomwe uthenga wofunika ndi woti madzi adikire mphindi 30 asanamwedwe, ndi pa kasambidwe ka m'manja pa mpondagiya. Kanema wa mphindi 12 anafika 15. Womasulira tinamupatsa gawo limodzi mwa magawo atatu a galasi, kumbuyo kwake nsalu yopanda maluwa, ndipo zizindikiro za mabungwe zinasamukira kumapeto.

Panalinso kukambirana kwakutali pakati pa mayi wosamva uja ndi womasulira pa zizindikiro zamanja zotchulira matenda ena, poti amene anaphunzira ku Mary View ku Nguludi, ku Mua ndi ku Embangweni sasainira zonse mofanana. Pamenepo ine ndimakhala chete, si bwalo langa. Ndimangodikira agwirizane, ndijambule. Ena amandifunsa kuti bwanji osangolemba mawu pansi n'kusiya za womasulira zodulazi. Yankho n'lakuti kwa munthu wobadwa wosamva, chinenero chake choyamba ndi chamanja. Chichewa cholembedwa anachiphunzira asanachimvepo n'kamodzi komwe. Mawu olembedwa amathandiza kwambiri amene anasiya kumva atakula, ndi ife tonse tikamaonera kanema m'minibasi.

Lachinayi magetsi anathima m'mawa wonse, ndiye mawu ofotokozera osaona ndinawalemba pa pepala, ndi wotchi ya pa foni. Mwambo wake ndi woti wofotokoza amalowa m'mipata momwe anthu a m'kanema akhala chete, osawadula pakamwa. Koma kanemayu analibe mpata. Wowerenga uthenga amayankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo akapuma, nyimbo imakwera. Choipitsitsa, mawu ake anali odzaza ndi "chonchi", "apa", "muyezo wake ndi uwu". Munthu wosaona "chonchi" amuona bwanji? Nambala ya 929 ya Chipatala Cha Pa Foni inangolembedwa pa galasi osatchulidwa pakamwa. M'malo mopanikiza mawu anga m'timipata tosakwana, ndinapempha kuti wowerenga uja abwerenso tijambule ziganizo zina mwatsopano, zotchula zinthu ndi mayina ake: botolo la lita imodzi, sopo, chivundikiro cha pachimbudzi, nambala yonse. Zitatero, zofotokoza zapadera zinatsala zochepa kwambiri, ndipo mawu omwewo akhoza kuulutsidwa pa wailesi za m'madera popanda kusintha kanthu. Kwa osamva, omwe sangaimbe foni n'kuyankhulana ndi namwino, tinawonjezera kuti apite msanga kuchipatala chapafupi kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo.

Lachisanu tisanatumize tinaonetsa kanemayo kwa kagulu ka anthu osamva ndi osaona. Bambo wina wosaona anati liwu la wofotokoza likufanana kwambiri ndi la dokotala, moti samadziwa kuti malangizo atha pati ndipo kufotokoza kwayamba pati. Tinajambulanso ndi liwu lachizimayi masana omwewo. Anthu amenewa ndimawaika pa invoisi monga akatswiri, ndi malipiro awo, osati thiransipoti ndi fanta basi. Pa mfundo imeneyi sindinyengerera kasitomala aliyense.

Madzulo ndinatumiza mafayilo atatu, limodzi ndi kalata yaifupi. Bungweli likukonza kanema wina wochenjeza za madzi osefukira, wa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndiye ndawapempha kuti anditumizire zolemba zake kamera isanatuluke mu ofesi, tisiyiretu malo a womasulira ndi mipata yopumira. Ayankha kuti akambirana kaye ndi a zachuma Lolemba.