Minga, fumbi ndi dzuwa: kukonzekera mpikisano wa njinga za m'mapiri kuno ku Lusaka

Mukaima pamalo oyambira mpikisano m'mawa wa mu Julaye, chisanu chikuluma zala, maso amathamangira pa njinga za anzanu. Uyu yake ndi ya carbon, uyo ili ndi magiya 12, winayo ili ndi mashoko kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Musagwe mphwayi, abale. Ambiri amene amalephera kumaliza mipikisano ya kuno sagonja chifukwa choti njinga yawo ndi yotchipa ayi. Amagonja ndi munga umodzi, tcheni chodzaza fumbi, mabuleki otha, kapena botolo louma njira ikadali kutali. Zonsezi zimakonzedwa pakhomo, tsiku lisanafike.

Choyamba dziwani mtundu wa mpikisano umene mwalembetsa. Pali wozungulira kanjira kafupi, ka makilomita 4 mpaka 6, kwa pafupifupi ola ndi theka, wotchedwa XCO. Umenewu ndi umene unalowa m'masewera a Olympics mu 1996 ku Atlanta, ndipo ndi umene Alan Hatherly wa ku South Africa anapezerapo mendulo ya malo achitatu ku Paris mu 2024. Pali wa mtunda wautali, wa marathon, umene malamulo a UCI, bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, amati uziyambira makilomita 60. Ndiye pali wa masiku angapo, monga Cape Epic, umene unayamba mu 2004 ndipo anthu amapalasa awiriawiri kwa masiku 8. Kuno kwathu imene imakoka anthu ambiri ndi ya mtunda wautali, monga Elephant Epic, yoyambira kufupi ndi Lusaka n'kutsikira kuchigwa cha Zambezi. Zimene tikukamba pano ndi za mtundu umenewu.

Tiyambe ndi matayala, chifukwa m'pamene pagona nkhani.

Tchire lathu ladzaza minga, makamaka ya mthethe, ndipo m'chilimwe imagwa n'kubisala m'fumbi la m'tinjira. Chubu wamba sichilimba nayo. Ngati pali chinthu chimodzi choyenera kuwonongerapo ndalama, ndi kusintha matayala akhale a tubeless, opanda chubu, okhala ndi mankhwala amadzimadzi a sealant amene amatseka bowo pomwepo munga ukangolowa. Kachitidwe kake ndi aka. Pukutani mkombero uyere, muumate tepi yake yotseka mabowo a masipoko, nsonga za tepiyo zipitirirane masentimita 10. Boolani kabowo kakang'ono pamalo a valavu, muike valavu, muimange ndi zala basi, osati pulayala. Vekani tayala, thirani sealant mamililita 100 mpaka 120 ngati tayala ndi la mainchesi 29, kenako popani mwamphamvu mpaka mumve kuti phwaa, phwaa, tayala likukhazikika mumkombero. Likhutchumuleni mbali zonse, muligoneke cham'mbali mphindi zingapo uku ndi uku, lichezere usiku. Mukapeza laphwa m'mawa, nthawi zambiri vuto ndi tepi kapena valavu, osati tayalalo.

Chimene ambiri amaiwala n'choti sealant amauma. Ndi kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala, miyezi iwiri yokwanira kumusandutsa chibulumwa cha mphira. Chotsani gudumu, muligwedeze pafupi ndi khutu. Ngati simukumva madzi kukhuvuka m'katimo, onjezerani.

Nanga mpweya? Tinazolowera kuona anzathu a makala akubwera ndi matumba m'mamawa pa Leopards Hill Road, matayala opopedwa gwa ngati mwala. Kwa iwo n'zoyenera, katundu ndi wolemera. Pampikisano zimenezo zimakugwetsani. Tayala louma limadumphadumpha pamiyala, limaterereka pokhota pamene pali timiyala, ndipo manja amachita dzanzi ola lisanathe. Munthu wa makilogalamu 70, pa tayala la tubeless la mainchesi 2.25 kapena 2.35 m'lifupi, ayambire 1.5 bar kutsogolo ndi 1.7 bar kumbuyo, ndiye kuti 22 ndi 25 psi. Wolemera kuposa apo aonjezere pang'ono. Mukachepetsa kwambiri, mkombero umagunda mwala n'kupindika, kapena tayala limatsegula pang'ono pokhota n'kutaya mpweya nthawi imodzi. Yezani ndi geji, chala chimanama. Ngati mukadali ndi machubu, thirani sealant m'kati mwa chubu ndipo mupope 2 bar kapena kupitirira pang'ono, apo ayi chubu chidzatsinidwa pakati pa mwala ndi mkombero n'kubooka timabowo tiwiri toyandikana ngati mano a njoka.

Bowo likakula moti sealant akungopopera panja, tembenuzani gudumu bowolo liyang'ane pansi, dikirani pang'ono. Likakana, lowetsani kachingwe komata ka plug ndi kafoloko kake, musiye kansonga panja, mupope, muzipita. Tayala likang'ambika m'mbali ndiye palibe kuchitira mwina, muike chubu. Koma apa tamverani bwino. Tayala limene layenda miyezi ingapo limakhala ndi minga yambiri imene sealant anaitseka inu osadziwa, nsonga zake zili m'kati. Mukaika chubu osazichotsa, simuyenda n'komwe mamita 100. Yendetsani kansalu m'kati mwa tayala lonse pang'onopang'ono. Pamene kakodwa pali munga, muuzule. Pong'ambikapo tsekani m'kati ndi chidutswa cha tayala lakale kapena pepala la ndalama lopinda kanayi, kuti chubu chisatumphukire panja.

Fumbi ndiye mdani wa tcheni. Oyilo wakuda wa galimoto, amene amakaniko ambiri a m'mbali mwa msewu amathira mokoma mtima, akakumana ndi fumbi lofiira la kuno amasanduka phala lonola zitsulo. Limadya tcheni, limadya mano a magiya. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala gwiritsani ntchito mafuta a tcheni ouma kapena a phula. Amadzimadzi okhuthala aja ndi a nthawi ya mvula ndi matope. Tsukani tcheni, chiume, dontho limodzi pa mfundo iliyonse, zungulitsani mapedulo chobwerera m'mbuyo, kenako pukutani kunja konse ndi nsalu. Mafuta amafunika m'kati mwa mfundo, akunja amangoitana fumbi. Chitani zimenezi madzulo, osati m'mawa wa mpikisano, kuti apeze nthawi youma.

Tcheni chimatalika chikamatha. Kachida koyezera kakalowa pa 0.5, sinthani ngati magiya akumbuyo ndi 11 kapena 12. Ngati ndi 9 kapena 10 mutha kufika pa 0.75. Opanda kachidako atenge lula: kuchoka pa pini imodzi kuwerenga mapini ena 24, tcheni chatsopano chimakwana mainchesi 12 ndendende, ndipo chikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka ndiye kuti chatha. Musasinthe tcheni mpikisano uli mawa. Tcheni chatsopano pa magiya otha chimalumpha mukangoponda mwamphamvu pachitunda, ndipo ndi bwino muzindikire zimenezi kudakali sabata ziwiri.

M'thumba musasowe kamfundo kolumikizira tcheni kogwirizana ndi magiya anu, chifukwa ka 11 sikagwira pa 12. Musasowenso hanger, kachitsulo kofewa kamene kamagwira derailleur, chida chakumbuyo chosinthira magiya, ku felemu. Kanapangidwa dala kuti kazipindika kapena kuthyoka m'malo mwa felemu, ndipo njinga iliyonse ili ndi kamtundu wake, kotero mnzanu panjira sangakubwerekeni. Kamathyoka kamtengo kakalowa m'masipoko, kapena udzu wouma ukakulungana m'timawilo ta derailleur inu n'kumapondabe. Mukamva kulimba kwachilendo kumbuyo, siyani kupalasa nthawi yomweyo, mutsike muone. Masekondi 20 amenewo ndi otchipa kusiyana ndi kukankha njinga makilomita 15.

Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, pamene chigwa cha Zambezi chili cha m'ma 400. Kutsika kumeneko kumayesa mabuleki kuposa china chilichonse. Chotsani mapadi muwaone. Ngati nyama yake yatsala yosakwana milimita imodzi, sinthani, ndipo atsopanowo muwazoloweretse: thamangani pang'ono, gwirani mwamphamvu mpaka kutsala pang'ono kuima, masulani, kokwana 20 buleki iliyonse. Mafuta a mabuleki sasakanizidwa. A Shimano amafuna mineral oil, a SRAM ambiri akale amafuna DOT, ndipo zimalembedwa pa buleki pomwepo. Mukasakaniza, timphira ta m'kati timatupa, buleki yonse n'kuwonongeka. Pamtsetse wautali musagwirire buleki osalekeza, chimbale chimapsa mpaka kusintha mtundu ndipo mphamvu imathawa. Gwirani mwamphamvu pamene njira yaongoka, masulani, gwiraninso. Liwiro lichepetsedwe musanalowe pokhota. Chala chimodzi pa buleki chikwanira, zinazo zigwire handulo.

Za mashoko sitichulukitsa. Mutavala zonse za mpikisano ndi madzi omwe, mukakhala pa njinga shoko yakutsogolo ilowe magawo 15 mpaka 20 pa 100 a kutalika kwake, yakumbuyo 25 mpaka 30. Mabawuti a handulo ambiri amafuna kumangidwa ndi mphamvu ya 4 mpaka 6 Nm, ndipo nambala yake imalembedwa pambali pake. Chishalo musachisunthe sabata yomaliza.

Tsopano thupi. Mpikisano umayamba kukuzizira, ndiye ludzu silimveka, munthu n'kuiwala kumwa. Pofika 10 koloko dzuwa laswa mtengo, ndipo mukamatsikira kuchigwa kutentha kumangoonjezeka. Mphepo ya chilimwe imaumitsa thukuta musanaliwone, mumangozindikira ndi mizere yoyera ya mchere pa malaya. Imwani mamililita 500 mpaka 750 pa ola, pang'onopang'ono, kuyambira mphindi 15 zoyambirira. Madzi okhaokha sakwanira pa ulendo wopitirira maola awiri. Amene sangagule zakumwa za m'sitolo asakanize okha: botolo la mamililita 750, masupuni aakulu atatu a shuga, kota ya supuni yaing'ono ya mchere, ndi madzi a ndimu pang'ono. Funsani okonza mpikisano kuti malo omwera madzi ali pa makilomita angati, muwerengere ndi liwiro lanu lenileni, osati limene mumalakalaka. M'tinjira ta miyala munthu wamba amayenda makilomita 12 mpaka 15 pa ola, kotero makilomita 25 ndi pafupifupi maola awiri, mabotolo awiri.

Chakudya chikhale chimene mimba inazolowera. Madzulo nsima kapena mpunga ndi ndiwo zopanda mafuta ambiri. Nyemba ndi kabichi zidikire tsiku lina. M'mawa idyani kudakali maola atatu: phala, buledi, nthochi. Panjira thupi limafuna pafupifupi magalamu 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola. Nthochi imodzi ili ndi pafupifupi 25, botolo la shuga lija pafupifupi 40. Kandolo yophika yodulidwa tizidutswa imagwira bwino ntchito, ndipo siiphwanyika m'thumba ngati nthochi. Lumani kanthu mphindi 30 zilizonse, njala isanabwere. Ikabwera ndiye kuti mwachedwa kale: miyendo imalemera ngati yathiridwa simenti, maso amachita chidima, ndipo m'pamene anthu amagwa pamalo osayenera kugwa.

Minofu imakokana kawirikawiri chifukwa choyamba mothamanga kuposa mmene munazolowerera. Pachiyambi aliyense amauluka, fumbi kobo, mtima m'mwamba. Asiyeni apite. Ola loyamba palasani pa liwiro loti mutha kuyankha mnzanu mawu angapo osabanika. Ambiri mwa othamangawo mudzawapeza pansi pa mtengo akusisita ntchafu.

Pokonzekera, sabata 8 zikwanira kwa munthu amene amapalasa kale. Pa sabata pakhale ulendo umodzi wautali, muziuonjezera mphindi 20 mpaka ufike pafupi ndi nthawi imene mukuyembekeza kutha pampikisano, ndi tsiku limodzi lokwera chitunda mwamphamvu mphindi 4, kasanu, kupuma potsika. Zitunda zilipo kum'mawa kwa mzinda, cha ku Leopards Hill ndi State Lodge. Phula lokha silikuphunzitsani miyala kapena mchenga. Sabata yomaliza chepetsani ndi theka.

Mchenga umagwetsa ambiri, makamaka podutsa m'mitsinje youma. Sinthani giya ikhale yopepuka musanalowe, thupi libwerere kumbuyo pang'ono, manja afewe, maso ayang'ane kotulukira. Musagwire buleki yakutsogolo, musalimbane ndi handulo, ndipo musasiye kupalasa. Pachitunda cha timiyala khalani pa chishalo, chifuwa chitsike. Mukaimirira, tayala lakumbuyo limangozungulira pamodzimodzi. Kutsika n'kukankha si manyazi, nthawi zina n'kofulumira kuposa kupalasa.

Pali china chimene chimatikhudza mtima kwambiri. Tinjira timeneti si tathu. Ndi ta anthu opita kumunda, kudambo, kusukulu, ndipo tina timadutsa m'mafamu amene eni ake atsegula mageti tsiku limenelo lokha. Polowa m'mudzi chepetsani liwiro, perekani moni kwa akuluakulu, samalani ana amene amathamangira kunjira, mbuzi ndi ngolo za ng'ombe. Timapepala ta zakudya ndi chubu chobooka zibwerere m'thumba, chifukwa mbuzi zimadya mapulasitiki. Pofuna kupitirira mnzanu m'kanjira kopapatiza, nenani mbali imene mudutsire, "Kumanja!", mudikire akupatseni mpata. Mukapeza wina wagwa, imani mufunse. Ngati wagunda mutu kapena akudandaula khosi musamunyamule ndipo musamuvule chipewa choteteza mutu, imbani nambala ya okonza mpikisano, imene iyenera kukhala m'foni yanu musananyamuke. Chipewa chimene chamenyeka pansi mwamphamvu chatha ntchito ngakhale kunja chikuoneka chabwino.

Mukamaliza, musapite nayo njinga kotsukira magalimoto. Madzi amphamvu a paipi zija amalowetsa fumbi m'mabeyaring'i ndi m'mashoko n'kuchotsa girisi. Chidebe chimodzi, sopo wa mbale, burashi yofewa ndi nsalu ziwiri, ina ya tcheni ina ya felemu, ndipo ya tcheniyo isakhudze chimbale cha buleki. Potsuka yang'anani ming'alu mozungulira molumikizira felemu, gwedezani magudumu cham'mbali kuti mumve ngati akusewera, ndipo tsinani masipoko awiriawiri kufufuza omasuka. Plug imene munaika panjira, ngati sikutaya mpweya pakatha masiku awiri, isiyeni momwemo, mungodula kansonga kotsala panja.