Nsato yanga yafundula bwino tsopano

Dzulo m'mawa ndinapeza khungu la njoka yanga lili lathunthu, kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo mtima unakhala pansi. Ndimaweta ball python, kansato kamene kakachita mantha kamadzipinda ngati nkhata.

Kwawo ndi ku Ghana, Togo, Benin ndi maiko oyandikana nawo. Kumeneko masana imabisala m'mauna a makoswe ndi m'mphako za chulu, mofunda, mwamdima, mwachinyezi. Ine ndimakhala ku Johannesburg, kumene mu June mpweya umauma mpaka milomo kung'ambika.

Chimene chimandiwawabe ndi shopu imene ndinagulako bokosi loyamba losungiramo njokayi. Anandigulitsa bokosi lagalasi la sefa yawaya pamwamba ndi heat mat (kamphasa kamagetsi kotenthetsa pansi pa bokosi), za thermostat (kachipangizo koletsa kutentha kupyola muyezo) osatchulako. Chinyezi chonse chinkathawira pasefapo. Njoka inafundula zidutswazidutswa, khungu lina n'kukakamira m'maso ndi kunsonga ya mchira. Ndinabwererako Loweruka, mataxi awiri, n'kudikira bwana wawo mpaka dzuwa kupendeka. Atafika anangoti katundu wogulidwa sabwezedwa. Tsiku lonse linapita pachabe, chikhalirecho cholengedwa chosalakwa chikuvutika kunyumba.

Gulani thermostat musanagule njoka. Heat mat yopanda thermostat imatha kuwotcha njoka pamimba, chifukwa siithawa msanga ikamapsa.

Ndinasintha n'kugula bokosi la pulasitiki ya PVC lotsekeka bwino. Mbali imodzi ndimasunga pa madigiri 31 kapena 32, inayo pa 25 kapena 26, kuti izisankha yokha pokhala. Pansi ndinayala makoko a kokonati, amene amasunga madzi osawola msanga. Chinyezi chisatsike pansi pa 60 peresenti, ndipo maso akachita mbuu, kusonyeza kuti yatsala pang'ono kufundula, ndimakweza kufika pa 70. Hygrometer ya digito, yoyezera chinyezi, ndi yotchipa, musamayerekeze ndi dzanja.

Ndayiwala za mobisala. Muikemo muwiri, kofunda ndi kozizira, mothina moti thupi lizikhudza m'mbali monse ngati mu una. Ine ndinali ndi amodzi okha, aakulu, ndipo inakana mbewa milungu ingapo. Nditangoikamo tiwiri tothina, n'kusiya kuigwiragwira, inayamba kudya.

Magetsi akathima usiku wozizira ndimafunditsa bokosi ndi bulangete, n'kuika botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo kunja kwa khoma lake. Akayaka, choyamba kuyang'ana ndi thermostat ija.