Ku Prague, kwawo kwa Václav Havel

Ukamapita ku Prague, likulu la Czech Republic, dzina la Havel, mlembi wa zisudzo amene anadzakhala pulezidenti, limakuchingamira usanatuluke n'komwe m'ndege, chifukwa bwalo la ndege analitcha dzina lake mu 2012, pasanathe chaka mwini wake atamwalira pa 18 Disembala 2011.

Ndinayambira ku Wenceslas Square, chimsewu chachikulu chodzaza masitolo. Ndinaima pansi pa khonde la nyumba ya Melantrich khosi lili m'mwamba. Ndi kakhonde wamba, koma mu Novembala 1989 Havel ankalankhulira pamenepo, namtindi wa anthu uli pansi kugwedeza makiyi, kuuza boma la chikomyunizimu kuti lipakire. Kumayambiriro kwa chaka chimenecho munthuyu anali m'ndende. Pofika pa 29 Disembala anali pulezidenti wa Czechoslovakia, dziko lomwe Prague inali likulu lake nthawiyo.

Chapafupi pali Lucerna, chinyumba chomwe anamanga agogo ake. Chuma cha banjali n'chomwe chinam'tsekera njira ya sukulu achikomyunizimu atatenga boma, mpaka anakayamba ntchito yonyamula katundu kuseri kwa siteji. Kumeneko ndiko anakhala mlembi wa zisudzo. Pambuyo pa 1968 zisudzo zake zinaletsedwa, mu 1974 n'kumakunkhuniza migolo ku fakitale ya mowa ku Trutnov. Kenaka Charter 77, chikalata chodzudzula boma pophwanya ufulu wa anthu, kenaka ndende kuchokera 1979 mpaka 1983. Ife amene tinakula tikumva za Mikuyu, nkhani yotere sitimva ngati yachilendo.

Kutsidya kwa mtsinje wa Vltava, ku Malá Strana, ndinapeza chikumbutso chomwe chinandigwira mtima: mipando iwiri ndi katebulo kozungulira, mtengo utamera pakati pake. Palibe fano. Amafuna anthu awiri akhale pansi akambirane.

Zokambiranazo ndinazipeza madzulo kwa bambo wachikulire amene ndinkagona kunyumba kwawo. Nditangotchula Havel, anapukusa mutu. Anati alendo timam'konda chifukwa sitinalamulidwe naye. Anayamba kuwerenga pa zala: mu Januwale 1990 anamasula akaidi oposa 20,000 nthawi imodzi, anthu n'kumagona ndi mantha, anapepesa chifukwa cha Ajeremani amene anathamangitsidwa nkhondo yachiwiri itatha, zomwe ambiri sanakondwe nazo, anakwatira Dagmar pasanathe chaka mkazi wake woyamba Olga atamwalira, chonsecho Olga ndiye anapirira naye zaka za ndende. Chala chomaliza chinali cha Iraq, nkhondo yomwe Havel anaivomereza mu 2003.

Pa Iraq ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse, ndipo zimandipweteka kuti munthu wodziwa kuzunzika anaika dzina lake pamenepo. Za akaidi ndinawatsutsa. Amene wagonapo m'chitokosi cha boma lopondereza amadziwa mmene makhothi ake ankagamulira milandu, ndipo sindikuona mmene akanakhalira ku Prague Castle, likulu la pulezidenti, akaidi anzake aja akadali otsekeredwa.

Bambowo anawonjeza kuti Czechoslovakia inagawikana iye akuyang'ana. Ndinawakumbutsa kuti Havel sanafune kugawikanako, ndipo mu Julayi 1992 anatula pansi udindo m'malo mokhala pampando dziko likung'ambika. Anavomera kuti zimenezo n'zoona, koma anati chaka chotsatira anabwerera pampando monga pulezidenti wa Czech Republic n'kukhalapo mpaka 2003. Tinakangana mpaka tiyi anazizira, ndipo palibe anagonja.