Kuyesa buku lakale la chikopa usanatulutse ndalama

Miyezi ino ndakhala ndikuphunzira kuyesa mabuku akale a mbiri, aja okutidwa ndi chikopa. Sukulu yanga ndi mashelefu a Collectors Treasury, sitolo ya mabuku akale mu Commissioner Street, kuno ku Johannesburg. Ndaona kuti chikopa ndicho chimakoka maso a wogula, koma ndichonso chimayamba kufa.

Mukanyamula buku la m'zaka za m'ma 1800 n'kupeza ufa wofiirira m'zala, ngati mwagwira njerwa yosapsa bwino, dziwani kuti chikopacho chawola. Odziwa ntchitoyi amati red rot. Asidi wochokera mu utsi wa malasha ndi gasi analowa m'chikopamo pang'onopang'ono n'kudya mphamvu yake. Sichichira. Katswiri angathe kungoletsa ufawo kuyoyoka, ndipo mafuta amene ena amapakapo amangodetsa bukulo. Kenako ndimatsegula chikuto mofatsa, osachikakamiza, n'kuyang'ana pomwe chalumikizana ndi msana. Pamenepo ndi pomwe buku limathyokera. Ndikaonapo selotepi mtima umandiwawa, chifukwa guluu wake amasiya banga losachoka.

Ndimanunkhizanso. Fungo la chuku limaulula kuti buku linakhala pachinyezi. Timadontho tofiirira pamasamba sitindiopsa kwenikweni, koma timabowo ta tizilombo ndi pepala lothetheka m'mphepete zimandidetsa nkhawa. Chodabwitsa n'chakuti mabuku akale kwambiri, a pepala la nsanza za thonje ndi bafuta, nthawi zambiri ndi olimba kuposa a kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene pepala la mitengo linafala.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi mapu. Tengani Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, la David ndi Charles Livingstone, lomwe John Murray anasindikiza ku London mu 1865. Muli nkhani za mtsinje wa Shire ndi nyanja yathu, ndipo lili ndi mapu opinda. Pali anthu amene amadula mapu ndi zithunzi m'mabuku otere n'kukagulitsa paokha. Nchifukwa chake ndimatsata mndandanda wa zithunzi womwe uli koyambirira, chimodzichimodzi, n'kufunyulula mapuwo kuti ndione ngati sanang'ambike m'mapindiro. Kwa ine Mmalawi, bukuli likasowa mapu lataya mtima wake, ngakhale msana wake uwale ndi zilembo zagolide. Komanso linatuluka ndi chikuto cha nsalu. Mukalipeza m'chikopa, ndiye kuti wina analikutanso, ndipo mwina m'mphepete mwa masamba munasengedwa. Osonkhanitsa ambiri amafuna la nsalu lomwelo.

Mukagula, nkhondo ina ndi nyengo ya kuno. Joni ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,750, ndipo mu Juni ndi Julayi mpweya umauma gwaa, chikopa n'kumang'aluka. Anga ndimawasunga kutali ndi hitala ndi dzuwa la pazenera, akuluakulu ndimawagoneka, ndipo potulutsa pashelefu ndimagwira pakati pa msana, osati kukoka ndi chala pamwamba.