Zikomo abale athu a kumzikiti

Usiku uno tigona m'nyumba yathuyathu koyamba chichokereni pa 13 Malichi 2023, tsiku lomwe matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba yathu ku Chilobwe pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Sindingatseke maso ndisanathokoze.

Ine ndine wa CCAP, mayi wa Mvano. Koma amene anatitola tsiku lija, ine ndi ana atatu, tili matope okhaokha, ndi banja lachisilamu lomwe kale tinkangopatsana nalo moni pa mpopi. Anatipatsa chipinda cha ana awo, anawo nkumagona pabalaza.

Mayi anga inu a m'banja limeneli, pali chinthu chimodzi chimene sindidzaiwala. Patangotha masiku khumi Ramadani inayamba. Inu munali pa swaumu, osamwa ngakhale madzi, koma masana alionse munkatereka mphika kuphikira ana anga nsima. Ndiwo munkandiitana ine kuti ndilawe mchere, poti inu simukanatha kulawa. Ndinakuuzani kuti tidzidikira madzulo ngati nonse, munakana, amvekere mwana wa mlendo sagonekedwa ndi njala pakhomo panu. Dzuwa likalowa tinkakhala pa mkeka umodzi kudya futali. Simunandifunsepo kuti ndisiye Baibulo langa, ndipo Lamulungu ndinu amene munkandidzutsa kuti ndisachedwe ku tchalitchi.

Amayi a Dawa, gulu la amayi achisilamu, yunifolomu yanga ya Mvano inapita ndi madzi. Inu munasonkherana nkundigulira nsalu yoyera ndi yakuda, ndipo pa Isitala, 9 Epulo, ndinaima nayo pakati pa anzanga misozi ili chuchuchu. Pa Idi ana anga anavala zatsopano ngati anu.

A Shehe ndi abusa athu, zikomo potumiza anyamata anu kudzaumba njerwa. Lachisanu a kumzikiti ankaweruka msanga kukaswali, a kutchalitchi nkupitiriza, Lamulungu zinkasinthana. Ndakhala ndikumva pa wailesi za bungwe la PAC, lomwe kuyambira 1992 limakhazika pamodzi atsogoleri achikhristu ndi achisilamu. Ndinkayesa ndi nkhani za akuluakulu ovala masuti. Ine ndaziona pa ng'anjo ya njerwa zanga.

Loweruka likubwerali bwerani nonse tidzadyere limodzi m'nyumbayi. A Shehe, mufike m'mamawa ndithu, nkhuku zonse muzinga ndinu kuti pasakhale wobweza mbale.